Kompyuta ya injini izikhala yomaliza kuimbidwa mlandu

Pa mawu onse amene mwini galimoto amamva kwa makaniko, oti "kompyuta bokosi yapsa" ndi amene amaziziritsa nkhongono. Tayala likaphulika umaliona ndi maso, lamba akaduka umamugwira m'manja, koma kabokosi aka kamafa popanda bala looneka kunja. N'chifukwa chake n'kosavuta kukanamizira. Galimoto yakana kulira, mapulagi aona, pampu ya mafuta aona, nzeru zatha, ndiye chala chimaloza chinthu chimene mwini wake sangathe kutsutsa. Ine ndakhala ndikudzikonzera magalimoto anga kwa zaka zambiri, ndipo zimandipweteka mtima ndikaona munthu wagula kompyuta ina, aimanga, galimoto n'kukhalabe duu, chifukwa vuto lonse linali waya wa earth, wobweza magetsi ku bodi ya galimoto, wochita dzimbiri.

Sindikunena kuti makompyuta amenewa safa ayi. Yanga inafa, ndipo ndifotokoza m'mene zinayendera. Chimene ndikunena n'chakuti mwa zipangizo zonse zamagetsi za pa injini, kompyuta ndi imodzi mwa zolimba kwambiri. Ilibe chozungulira, ilibe chokhulana. Ikafa, kawirikawiri pamakhala china chimene chaipha, ndipo chimenecho chikasiyidwa m'galimoto chimaphanso yatsopano.

Ntchito yake ndi yowerengetsera. Pa injini pali masensa amene amaiuza zimene zikuchitika: ya pa crankshaft, chitsulo chimene mapisitoni amazunguza, imanena pamene mapisitoni afika ndi liwiro limene injini ikuzungulira, ina imayeza mpweya wolowa, ina kutentha kwa madzi, ina m'mene mwapondera moto, ina mpweya wa okosijeni wotsalira mu utsi. Kompyuta imatenga zonsezi n'kulamula kuti injekita, yothirira mafuta mu injini, itseguke nthawi yaitali bwanji, ndiponso kuti pulagi ithetheke liti. Injini ya petulo imafuna magawo 14.7 a mpweya pa gawo limodzi la mafuta, poyeza kulemera kwake. Injini ya masilinda anayi ikamazungulira maulendo 3000 pa mphindi, mapulagi amathetheka ka 100 pa sekondi imodzi, ndipo kuthetheka kulikonse kompyuta imakuwerengetsera pakokha. Nzeru imeneyi si yadzulo. Kampani ya Bosch inaika njira yamagetsi yothirira mafuta, ya D-Jetronic, pa Volkswagen mu 1967, ndipo mu 1979 inatulutsa Motronic pa BMW, imene inaphatikiza kuthira mafuta ndi kuthetheka kwa mapulagi m'bokosi limodzi.

Koma kompyuta siiona injini. Ili ngati munthu amene amutsekera m'chipinda chopanda zenera, ndipo zonse za kunja amangozimva kwa amithenga. Wamthenga akanama, kapena akagwa panjira, munthuyo apereka lamulo lolakwika ngakhale mutu wake uli bwinobwino. Ndiye galimoto ikamazima yokha, ikamadya mafuta kwambiri, ikamanjenjemera kapena kukana kulira, zizindikiro zimenezi pazokha sizinena kanthu za kompyuta. Zonsezi sensa yakufa imazichita, waya woduka amazichita, batire lofooka limazichita.

Ine ndimayambira pa batire nthawi zonse, ngakhale wina ataseka. Batire lodzaza bwino limaonetsa pafupifupi mavoliti 12.6 galimoto itazima, ndipo injini ikamalira, alternator, chipangizo chotchaja batire, imakweza mphamvuyo kufika pa 14 kapena kuposerapo pang'ono. Chofunika kwambiri n'chimene chimachitika pamene sitata ikuzungulira. Mphamvu ikagwa kutsika pa mavoliti 10 n'kumapitirira kutsika, kompyuta imatha kuzima n'kudzukanso m'kanthawi kochepa, ndipo ikatero imalemba madandaulo ambirimbiri opanda mutu. Munthu amaika makina oyezera, aona makhodi, manambala a madandaulowo, khumi osagwirizana, n'kunena kuti bokosi lapenga, pamene langosowa magetsi okwanira.

Kenako ndimatsegula kiyi osaliza injini, n'kuyang'ana pa dashibodi. Getsi la check engine liyenera kuyaka, chifukwa pa magalimoto ambiri kuyaka kwakeko ndi umboni woti kompyuta yadzuka. Ndimatcheranso khutu kumbuyo, kumene kuli thanki: pampu ya mafuta imalira kwa masekondi awiri kapena atatu n'kusiya, ndipo amene amailamula kutero ndi kompyuta. Getsi likapanda kuyaka, pampu ili zii, pamenepo mtima umayamba kugunda. Komabe zimenezi zangotiuza kuti kompyuta sinadzuke. Sizinatiuze kuti yafa.

Apa ndi pamene makina oyezera amalowa. Kuyambira 1996 magalimoto ogulitsidwa ku America anakakamizidwa kukhala ndi soketi yofanana ya OBD-II, ndipo ku Ulaya lamulo lotere linayamba kugwira ntchito pa magalimoto a petulo mu 2001. Ndi soketi ya mapini 16 imene nthawi zambiri imakhala pansi pa dashibodi, mbali ya dalaivala. Makina akalumikizidwa pamenepo amawerenga makhodi, ndipo anthu ambiri amalakwira pomwepa. Khodi ya P0335, mwachitsanzo, imanena za njira yonse ya sensa ya crankshaft, kuyambira pa sensayo, waya wake, pulagi yake yolumikizira mawaya, mpaka pini ya pa kompyuta. Siinena kuti chakufa n'chiti. Makhodi amene amaloza mkati mwa bokosi lenilenilo ndi ochepa: P0601 imadandaula za zimene zinasungidwa mu memory, P0606 za purosesa, imene ndi ubongo wa bokosilo. Ngakhale amenewa ndimawafufuta kaye, ndikonze za magetsi, ndione ngati abwerenso. Akabwerera batire lili bwino, mawaya ali bwino, pamenepo ndimayamba kuwakhulupirira.

Nanga makinawo akati sakutha kulankhula ndi kompyuta? Ambiri amaweruza nthawi yomweyo, koma soketi yomwe ija ili ndi zambiri zotiuza. Pini 16 imayenera kukhala ndi moto wa batire nthawi zonse, ndipo mapini 4 ndi 5 ndi a earth. Fyuzi ya pini 16 ikapsa, makina ambiri sayaka n'komwe. Pa magalimoto amene makompyuta ake amalankhulana kudzera pa mawaya awiri opotana a CAN, njira imene Bosch inaionetsa koyamba mu 1986, mawayawo amatulukira pa pini 6 ndi pini 14. Mukachotsa batire n'kuyeza pakati pa mapini awiriwa, mita yoyezera magetsi imayenera kuonetsa pafupifupi ma ohm 60, chifukwa kumapeto konse kuwiri kwa mawayawo kuli resistor, kachipangizo kochepetsa kuyenda kwa magetsi, ya ma ohm 120, ndipo nthawi zambiri imodzi imakhala mkati mwa kompyuta ya injini. Mita ikaonetsa 120, ndiye kuti mbali imodzi yasowa: waya waduka, pulagi yamasuka, kapena bokosi lawonongeka. Ikaonetsa pafupi ndi 0, mawayawo agundana penapake. Pa magalimoto ena atsopano pali kabokosi kena pakati pa soketi ndi makompyuta, ndiye muyesowu umafuna kuti muone kaye chithunzi cha mawaya a galimoto yanuyo. Ndipo khodi ya U0100, imene makompyuta ena amalemba akasiya kumva mawu a kompyuta ya injini, imangonena kuti mnzawo wakhala chete. Chifukwa chake muyenera kuchifufuza nokha.

Kufufuzako kumafika pa pulagi ya kompyuta. Muli ndi chithunzi cha mawaya m'manja, mumapeza mapini amene amabweretsa moto, wina wochokera ku batire mosadukiza, wina wodzera pa relay, swichi yoyendera magetsi, kiyi ikatsegulidwa, ndiponso mapini a earth, amene amakhala angapo. Pano pali msampha umene ndikufuna muumvetse bwino. Mita imakoka magetsi ochepa kwambiri, moti waya amene watsala ndi kaulusi kamodzi kokha ka kopa adzaonetsabe mavoliti 12 okongola. Kompyuta ikangoyamba kugwira ntchito n'kufuna mphamvu yeniyeni, kaulusi kaja kamalephera. Choncho ndimazula pulagi ya kompyuta, n'kulumikiza babu la getsi lakutsogolo pakati pa waya wa moto ndi waya wa earth. Babu la mawati 55 limakoka ma amp anayi ndi kanthu. Likawala ngwee, mawayawo ali moyo. Likangofiira, vuto mwalipeza, ndipo kompyuta ilibe mlandu. Babu limeneli ndi la mawaya a moto ndi earth okha, musaliyandikitse pa mawaya a masensa kapena pa mapini a kompyuta.

Pali chinthu chinanso chimene chataitsa makompyuta ambiri abwinobwino. Masensa angapo sadya mavoliti 12, amadya mavoliti 5 amene kompyuta imapanga yokha n'kuwagawira pa waya mmodzi. Sensa imodzi ikachita shoti mkati, imakokera pansi mavoliti 5 onse aja, anzake onse n'kuzima nawo, ndipo pa magalimoto ena kompyuta yomwe imakomoka: getsi la check engine osayaka, makina osalankhula, injini osalira. Ndinaonapo zimenezi pa galimoto ya mnzanga. Tinayeza pa sensa ina n'kupeza kuti m'malo mwa 5 pali kamphamvu kosakwana ndi voliti imodzi yomwe. Tinayamba kuzula masensa imodzi imodzi, maso ali pa mita. Titazula sensa ya pa paipi ya gasi wa air conditioner, chinthu choti palibe akanachiganizira pa galimoto yokana kulira, mita inalumpha kufika pa 5, pampu inalira kumbuyo, ndipo galimoto inadzuka. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo pa ntchito iyi kudekhako n'kumene kumapulumutsa thumba.

Tsopano za yanga. Inayamba kunjenjemera, mphamvu n'kuchepa, getsi la check engine likuphethira. Kuphethira kumeneko si kwa masewera, kumatanthauza kuti silinda ina sikuwotcha mafuta ndipo mafuta osapsawo akupita kukawononga catalytic converter, chipangizo choyeretsa utsi. Makina anaonetsa P0302, kutanthauza silinda yachiwiri, pamodzi ndi P0352 ya koyilo yake, imene imapatsa pulagi moto wothetheka. Koyiloyo nditaizula ndinaipeza itafufuma, ikununkha kupsa. Ndinaika yatsopano, koma silinda ija inakanabe. Ndinasinthanitsa mapulagi, vuto linatsala pomwepo. Ndinatenga koyilo yatsopanoyo n'kuiika pa silinda ina, inagwira bwino ntchito, kusonyeza kuti ilibe vuto. Moto wa mavoliti 12 unkafika pa pulagi ya mawaya a koyilo. Chimene chinkasowa ndi lamulo lochokera ku kompyuta. Ndinayeza waya wa lamulolo kuchokera pa koyilo mpaka pa pini ya kompyuta: sanaduke, sankagunda pa bodi ya galimoto, sankagundana ndi mnzake. Masilinda atatu enawo ankalandira lamulo lawo, iyi yokha ayi.

Umu ndi m'mene kompyuta yakufadi imadziwikira. Moto ukufika, earth ili bwino, masensa akunena zoona, waya wotulukira ndi wamoyo, chipangizo cha kumapeto kwake n'chabwino, koma lamulo silikutuluka. Nditatsegula bokosi, fungo linandiuza maso asanaone. Transistor imodzi mwa zinayi zofanana, timene ndi tizipangizo todula ndi kulumikiza magetsi, inali itang'ambika, bolodi litada mozungulira. Pa injini yangayo kompyuta ndi imene imadula ndi kulumikiza magetsi a koyilo mwachindunji, ndiye koyilo ija itachita shoti inakoka magetsi ochuluka kudzera mu transistor imeneyo mpaka kuiphulitsa. Ndikanasintha kompyuta yokha n'kusiya koyilo yakale, yatsopanoyo ikanapsa nditangoliza injini.

N'chifukwa chake funso loti "chaipha n'chiyani?" ndimaliika patsogolo pa funso loti "ina ndiipeza kuti?" Zopha kompyuta n'zodziwika. Madzi ndiwo oyamba: timabowo totulutsira madzi a mvula pansi pa galasi lakutsogolo tikatsekeka ndi masamba, madzi amasefukira kumene kuli bokosi, ndipo ena amawalowetsa okha potsuka injini ndi paipi yamphamvu. Mukazula pulagi n'kuona mapini obiriwira kapena ufa woyera, ndi madzi amenewo. Mafuta a injini nawonso amatha kudontha mkati mwa sensa n'kuyenda m'kati mwa waya mpaka kukafika pa kompyuta, ndipo mukapeza pulagi yake ili noninoni muzifufuza kumene achokera. Kusemphanitsa mawaya pobwereka moto ku batire la galimoto ina kumapha m'kuphethira kwa diso. Kuwotcherera pa galimoto batire ndi kompyuta zili zolumikiza n'kuika moyo wa bokosi pachiswe. Palinso chizolowezi chozula waya wa batire injini ikulira, ati pofuna kuona ngati alternator ikutchaja. Pa magalimoto akale opanda kompyuta anthu ankapulumuka nacho, koma batire ndi limene limameza mphamvu yolumpha ya alternator, ndipo mukalichotsa mphamvuyo imakathera pa zipangizo zamagetsi. Chonde musamachite zimenezo, mita imayankha funso lomwelo popanda ngozi. Ukalamba nawo ulipo: m'makompyuta ambiri a kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, ma capacitor, tizipangizo tosunga magetsi, amatha kudontha madzi ake n'kudya timisewu ta kopa pa bolodi, ndipo galimoto imayamba kuchita zachilendo pang'onopang'ono, makamaka ikatentha.

Mlandu ukatsimikizika, njira zilipo zitatu: kugula yatsopano, kugula yochotsa pa galimoto ina, kapena kukonzetsa yomweyo. Ine mtima wanga uli pa kukonzetsa, ngati bolodi silinapse kwambiri ndipo madzi sanalidye mbali zonse. Chifukwa chake si ndalama zokha. Kompyuta yanu imadziwa kale galimoto yanu ndi makiyi anu, ndiye katswiri wa zamagetsi akangosintha transistor kapena capacitor, mumangoibwezera pamalo pake n'kuliza. Yanga sinakonzeke, moto unali utaboola bolodi, ndiye ndinafunafuna ina yogwirapo kale ntchito.

Pogula ina, kufanana kwa bokosi ndi pulagi sikokwanira. Pa chomata cha pa bokosi pamakhala nambala ya opanga galimoto ndi nambala ya opanga kompyutayo, kaya ndi Bosch, Denso, Delphi, Hitachi kapena ena. Manambalawo afanane mpaka chilembo chomaliza, kapena pakhale umboni woti nambala yatsopanoyo inalowa m'malo mwa yakale. Magalimoto awiri a dzina limodzi ndi chaka chimodzi amatha kusiyana kompyuta chifukwa ina ndi ya giya yamanja, ina ya otomatiki, kapena chifukwa anapangira mayiko a malamulo osiyana a utsi. Pa mabokosi oterewa pini imodzi imatha kugwira ntchito zosiyana, ndipo kungolumikiza "kuti tiyese" kumatha kuwotcha zinthu. Za kubwereka kompyuta ya mnzanu kuti muyesere, chitani pokhapokha mwatsimikiza kuti chimene chinapha yanu mwachichotsa, apo ayi mupha ziwiri.

Kenako pali khoma limene ambiri amaligunda asakuliyembekezera. Mwamanga kompyuta yoyenera, mwatembenuza kiyi, sitata ikuzungulira bwino, koma injini osalira, kapena yalira masekondi awiri n'kuzima, kagetsi ka chizindikiro cha kiyi kakuphethira pa dashibodi. Imeneyo ndi immobiliser, chitetezo choletsa akuba, chimene ku Ulaya chinakhala chokakamiza pa magalimoto atsopano kuyambira 1998. M'mutu wa kiyi muli kachipangizo kakang'ono kamene kamapereka nambala yachinsinsi, ndipo kompyuta yochokera m'galimoto ina imadikira nambala ya kiyi ya kumene yachokera. Yanu siidziwa, ndiye imakana kuthira mafuta. Pali njira zingapo zodutsira pamenepa. Amene ali ndi makina oyenera amatha kuiphunzitsa makiyi anu. Ena amagula zonse pamodzi kuchokera m'galimoto imodzi: kompyuta, kabokosi ka immobiliser, kiyi ndi loko wake. Njira imene inandithandiza ine ndi yokopera: katswiri anawerenga zimene zinali mu kachipangizo ka memory ka kompyuta yanga yakupsa ija, kamene moto sunakafike, n'kuzilemba mu yogulayo. Pa chifukwa chimenechi, kompyuta yakufa musaitaye kapena kuisiya kwa wogulitsa ntchito isanathe. Alipo amene amangochotseratu immobiliser mu pulogalamu ya kompyuta. Zimatheka pa magalimoto ambiri, koma ine sindizikonda, chifukwa mwagula mtendere wa lero pochotsa loko pa galimoto yanu.

Kompyuta yatsopano ya m'sitolo nayo nthawi zambiri imabwera yopanda pulogalamu ya galimoto yanu, ndipo imafuna kulembedwa, kuphatikizapo VIN, nambala ya zilembo 17 yozindikiritsa galimoto. Pa nthawi yolembayo magetsi asagwedezeke ngakhale pang'ono. Batire likafooka ntchito ili pakati, bokosi limatha kutsala losadzuka konse, n'chifukwa chake odziwa ntchito amalumikiza chipangizo chosunga mphamvu pamlingo umodzi asanayambe.

Kumanga kwenikweniko n'kosavuta. Zimitsani kiyi, dikirani mphindi zingapo kuti makompyuta agone, chotsani waya wa negative pa batire. Yang'anani mapini ndi tochi, ngati pali lopindika kapena lobwerera m'mbuyo. Pulagi ilowe molunjika popanda kuikakamiza, loko wake atseke mpaka kumapeto, ndipo labala wotchinga madzi akhale pamalo pake. Mabawuti onse a bokosi abwerere, chifukwa chitsulo chake chimathandiza kutaya kutentha. Ngati anaipha ndi madzi, tsegulani timabowo tija lero lomwe.

Injini ikalira koyamba ikhoza kukwera ndi kutsika yokha, kapena kufuna kuzima mukaima. Musathamangire kunena kuti mwagula yakufa. Kompyuta imasunga zimene yaphunzira za injini imene ikuiyendetsa, ndipo iyi sinaphunzire yanu. Pa magalimoto amene throttle yake, chitseko cholowetsa mpweya mu injini, imayendetsedwa ndi kamota, pamafunika kuiphunzitsa pamene chitseko cha mpweya chimatsekera, mwina ndi makina, mwina potsatira ndondomeko ya kiyi ndi pedulo imene opanga analemba. Pa injini zambiri za dizilo za common rail, injekita iliyonse ili ndi khodi yake yolembedwa pamutu, ndipo makhodi amenewa amayenera kulowetsedwa mu kompyuta silinda ndi silinda, apo ayi injini imagogoda ndi kufuka. Mukatha zimenezi fufutani makhodi onse, isiyeni injini itenthe mpaka fani italira, kenako yendani nayo m'misewu yoimaima ndi mumsewu wautali womwe, kuti kompyuta imalize kudziyeza yokha. Pakapita masiku angapo ikaninso makina muone ngati pali khodi imene ikudikira kutuluka, ndipo muyezenso mphamvu ya alternator injini ikulira, magetsi onse atayatsidwa.